Zingwe za m'Thumba la Wailesi

Mumsewu wa mashopu a zomangira nyumba, pakati pa shopu ya penti ndi ina ya mabedi, panali shopu yodula magalasi. Chikwangwani chake chinafufutika kalekale, koma palibe amene ankasochera. Ukafunsa, anthu ankangoti, "Pitani kumene kukumveka phokosoko, mukawapeza a Wailesi ndi Chete."

Wailesi anali mwamuna wamtali, wa pakamwa posatseka. Kasitomala wobwera kudzafuna kagalasi ka pazenera la kubafa ankatuluka ataitanitsa magalasi a nyumba yonse, uku akupukuta misozi ya kuseka. Ndiye ankapita kumanyumba kukayeza mazenera, ndiye ankaziziritsa mitima ya okwiya, ndipo ankadziwa dzina la galu wa kasitomala aliyense. Chete anali mkazi wamasiye, wamfupi, wa zala zodzaza zipsera. Tsiku lonse mawu ake sankakwana khumi. Malo ake anali patebulo lalikulu la kumbuyo, loyalidwa bulangeti lakale, pamene pankakhala rula yaitali yachitsulo ndi kachodulira kake. Akakanda galasi kamodzi n'kuligogoda kunsi, linkathyoka mowongoka ngati achita kulilamula.

Ponyamula galasi lalikulu anali ndi kachitidwe kawo. Wailesi ankakhala kutsogolo, akuyenda cham'mbuyo, pakamwa pakuthamangitsa anthu m'njira. Chete ankakhala kumbuyo, maso ali panjira. Akagogoda galasi ndi chikhadabo kamodzi, ndiye kuti imani. Akagogoda kawiri, tiyeni. Zaka zisanu ndi zinayi anayenda choncho osaswa ngakhale limodzi. Bwana mwini shopu, mkulu wotopa ndi moyo, ankakonda kunena kuti, "Uyu ndi pakamwa, uyu ndi maso. Mmodzi akangochoka, wotsalayo ndi theka la munthu."

Mkazi wa Wailesi ankamutcha Madamu, ndipo dzinalo ankalikonda. Anali kalaliki mu ofesi ya sukulu ina, munthu woti anafika fomu folo, wovala bwino, wolemba mokongola. Awiriwa anakumana pamzere wa kuchipatala, ndipo anacheza mpaka mayina awo anaitanidwa kawiri iwo osamva. Nyumba yawo inali ngati siteji ya mabasi. Wina asanamalize nkhani, mnzake wayamba kale ina, mwana wawo wamkazi ali pakati akungotembenuza mutu. Oyandikana nawo ankasirira.

Madamu anali ndi nthabwala imodzi imene sankatopa nayo. Akabwera kuntchito ankasimba za makolo olephera kudzaza mafomu, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Munthu wosasiyanitsa sikisi ndi naini, ameneyo timuti munthu?" Wailesi ndiye ankaseka kuposa onse. Akatero ankadzuka n'kutuluka panja, ati kukapitidwa mphepo. Pepala lililonse lobwera pakhomo ankalipereka kwa mkazi wake. "Werengani ndinu, Madamu, sukulu yanu ingawole." Madamu ankamva kukoma.

Ife amene takhalitsa m'banja ndipo tinapitako kusukulu timadziwa kuti nyumba sigwa tsiku la chimphepo. Imayamba ndi kamng'alu kamene mwini wake amakadutsa tsiku ndi tsiku akuimba nyimbo.

Loweruka lina Madamu akuchapa, anapisa m'thumba la ovolosi ya mwamuna wake n'kutulutsa tizingwe. Tina tofiira, tina toyera, tomangidwa tiwiritiwiri, kalikonse kali ndi mfundo kumapeto. Anatitaya m'dzenje la zinyalala. Wailesi atafika anafufuza m'matumba, nkhope inasintha.

"Mayi a mwana, zingwe zanga zili kuti?"

"Zinyalala zija? Ndataya."

Mwamunayo anatuluka mvula ikuwaza, n'kulowa m'dzenje ndi nsapato zomwe, kufukula makoko a nthochi ndi matewera a ana a eni ake mpaka anazipeza. Anazitsuka pampopi mosamala, osamasula mfundo ngakhale imodzi. Madamu anaima pazenera akuonerera. Chiyambire banja lawo, anali asanamuonepo mwamuna wake atakhala chete nthawi yaitali choncho.

Lolemba masana anadzera kushopu ya penti, ati kudzaona mitundu ya pabalaza. Mayi wa penti anali munthu woti maso ake ankagwira ntchito kuposa manja. Madamu atangotchula zingwe, mayiyo anakoka mpando.

"Khalani pansi, anzanga. Ine ndimati mukudziwa. Tsiku lililonse bambowo akangobwera koyeza, sapita kwa Bwana ayi. Amalunjika kumbuyo, kupisa m'thumba, kumupatsa mkaziyo tizingwe. Iye kutiyala patebulo, kutisisita bwinobwino, kenako kutipachika pamsomali wake. Osalankhulana, kungoyang'anana basi. Mwamuna wolongolola ngati uja kukhala phee pamaso pa mkazi wina, inu mukuti n'chabe?"

"Mkazi wake uti? Chija chosadzola n'komwe?"

"Aaa, anzanga, oopsa ndi omwewo. Ife olongololafe timathera pakamwa. Ameneyo anawamanga bambowo, ndipo mfundo zake mwadzionera nokha."

Madamu anatuluka osasankha penti. Podutsa pashopu ya magalasi anasuzumira. Mwamuna wake anali ataweramira patebulo, Chete akukoka kachingwe kofiira m'mbali mwa rula. Mitu yawo inatsala pang'ono kugundana.

Miseche ili ndi ulesi wake: simabweretsa chinthu chatsopano. Imangotenga chimene munthu waona kale n'kuchiveka malaya ena. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene Madamu ankaona chinkabwera chitavala kale.

Anapirira masiku atatu. Lachinayi m'mawa, mwana atapita kusukulu, anaponya tizingwe patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Bambo, ndiuzeni. Izi n'chiyani?"

"Miyeso ya mazenera. Chofiira m'lifupi, choyera m'litali. Mfundo ndi pothera."

"Miyeso! Tepi ndinakugulirani ine ndemwe, ili m'chikwama ikuchita dzimbiri. Anthu onse amayeza ndi tepi n'kulemba m'buku, inu nokha muziyeza ndi zingwe ngati mukumanga mbuzi? Mukundiona ngati sindinapite kusukulu?"

"Ndi mmene timagwirira ntchito, Madamu."

"Timagwirira! Inu ndi ndani? Anayambitsa zimenezi ndani?"

Wailesi anayang'ana m'kapu. "Ndi Chete uja."

"Ehee! Ndiye ndiuzeni chifukwa chake. Chifukwa chimodzi chokha, ndikusiyani."

Pakamwa paja, pamene pankagulitsa magalasi kwa anthu opanda nyumba n'komwe, panatseguka n'kutsekanso. Madamu anadikira.

"Mwaona? Kwa makasitomala muli ndi mawu, kwa agalu awo muli ndi mawu, koma pa mkazi ameneyu lilime lafa. Mverani, bambo. Ndikadzapezanso chingwe m'nyumba muno, ine ndi mwana tidzatuluka, mudzatsale ndi chosalankhula chanucho muzidzagogodana."

"Chabwino, mayi. Zingwe zatha."

Mawa lake Wailesi anapita kokayeza ndi tepi ndi kabuku. Sabata yomweyo galasi la nyumba ya dokotala wina linafika lalifupi ndi chikhatho chathunthu. M'buku munalembedwa sikisite eyiti, pamene zenera linali eyite sikisi. Sabata yotsatira magalasi atatu a tchalitchi anakana kulowa m'mafelemu. Chete ankadula zimene zalembedwa, ndipo zimene zalembedwazo zinali zabodza. Kuseri kwa shopu kunayamba kuunjikana magalasi abwinobwino opanda zenera lowalandira.

Bwana anawaitana onse awiri. "Ine ndakalamba, sindifuna phokoso. Zaka zonsezi simunalakwitsepo, lero mwayamba ukalamba kundiposa ine? A Wailesi, likalakwikanso limodzi, mukapume kunyumba."

Bwana atatuluka, Chete anatsegula kabati n'kutulutsa mpukutu wofiira ndi woyera. Anauika patebulo.

"Bwererani ku chingwe," anatero.

"Kunyumba kuyaka moto, mayi."

"Auzeni."

"Sindingathe."

Chete anakankhira mipukutuyo kwa iye. Kuyambira pamenepo Wailesi ankabisa zingwe m'sokosi. Poopa maso a mayi wa penti, sankaziperekanso patebulo. Ankakumana pa nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa shopu, pakati pa magalasi olakwika aja, iye n'kuvula nsapato, Chete n'kulandira.

Madamu sankadziwa za magalasi olakwika, pakuti mwamuna wake sanamuuze. Chimene anaona n'chakuti masabata awiri aja bambo anaonda, chakudya chinkabwerera, nthabwala zinauma. Mumtima anati, akumusowa mkazi uja. Kenako mwadzidzidzi bambo anayambanso kuimba mluzu posamba. Mumtima anati, abwererana. Nsanje ndi ntchito yotopetsa, abale. Munthu amadzuka nayo, kupita nayo ku ofesi, kudinda nayo makalata a ana a eni ake, kubwera nayo madzulo itakula. Madamu anayamba kulakwitsa mayina pamafomu, iye amene ankaseka anzake. Ankanunkhiza malaya, ankapisa m'matumba, osapeza kanthu, ndipo kusapeza kanthuko kunkamupweteka kuposa kupeza.

Tsiku lina akuanika zovala, kachingwe kofiira kanagwa kuchokera m'sokosi.

Sanafunse munthu. Anakapinda n'kukaika m'kachikwama kake. Loweruka, atamusiya mwana kwa mchemwali wake, anakwera basi kupita kumsewu wa mashopu. Dzuwa linali paliwombo. Mayi wa penti atamuona anatuluka pakhomo.

"Mwachedwa, anzanga. Masiku ano ndi kuseri, nthawi ya nkhomaliro. Bambowo mpaka kuvula nsapato."

Madamu sanaime. M'shopu ya magalasi munalibe kasitomala, Bwana anali atapita kukadya. Wailesi ndi Chete anali atangonyamula galasi la chitseko cha hotela, lalitali kuposa munthu, lochindikala, akulitulutsa kupita kugalimoto imene inkadikira panja. Wailesi anali kutsogolo, msana uli kukhomo, akusimba nkhani ya galu wa mwini hotelayo.

"Bambo!"

Wailesi anatembenuza khosi. "Madamu! Taimani kaye pambali, tatsala pang'ono. Galasi ili ndi lolemera."

"Imani, ikani pansi. Ndikufuna tilankhule, pamaso pa mkazi wanuyu."

"Silingaikidwe pena paliponse, mayi, lithyoka. Tangopatukani, ndikubwera." Ankalankhula uku akuyendabe cham'mbuyo, phazi ndi phazi.

"Ndati imani!"

Sanaime. Madamu anatulutsa kachingwe kaja n'kukagwedeza m'mwamba. "M'sokosi, bambo? Mwafika pobisa m'sokosi ngati mwana wakuba shuga? Imani ndikulankhula!"

Wailesi anapondanso kawiri, akuti, "Pepani, pepani, ndikufotokozerani." Chete, amene ankaona njira, anaona kuti Madamu waima pakhomo penipeni ndipo nsonga ya galasi ikulunjika paphewa lake. Anagogoda ndi chikhadabo kamodzi.

Wailesi anaima nji, mawu anathera pakati.

Madamu anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana chala cha mkazi uja chili pagalasi.

"Ine ndakuwa katatu," anatero ndi mawu otsika. "Ine mkazi wanu wa zaka khumi ndi ziwiri, ndakuwa katatu, simunaime. Uyu wangogogoda."

"Mayi, musayandikire," anatero Chete. "Muvulala."

"Lero walankhula! Uli ndi pakamwa eti? Mfiti iwe, wondimangira mwamuna ndi zingwe!"

Rula yachitsulo ija inali itatsamira pakhoma. Madamu sanakumbuke kuti anaitola bwanji. Anakumbuka kulemera kwake kokha, ndi mwamuna wake akukuwa kuti, "Madamu, ayi!" Anamenya pakati pa galasi ndi mphamvu zake zonse.

Wina aliyense akanataya n'kudumpha. Chete sanataye, chifukwa akanatero, chibenthu chachikulu chikanagwera Wailesi kumaso. Anachikokera kwa iye mwini. Chinamutsikira pakhosi.

Anthu anathamanga kuchokera m'mashopu onse. Wailesi anagwada m'magalasi osweka atatsindika bala ndi malaya ake, akuitana, akulonjeza, akupempha galimoto. Chete anamwalira asanafike kuchipatala. Apolisi anamupeza Madamu ataima pomwepo, kachingwe kofiira kali m'dzanja limodzi, rula m'dzanja lina. Mayi wa penti anali atatseka kale shopu yake.

Mlandu unazengedwa patapita miyezi isanu ndi iwiri. Madamu analowa m'khoti mutu uli m'mwamba, pakuti mumtima ankati dziko lonse limva lero zimene mkazi uja anachita. Loya wa boma anabweretsa katoni ya zingwe zochokera pamsomali wa malemu, ndi Bwana ngati mboni. Anatambasula chingwe chimodzichimodzi patepi, Bwana akutchula nyumba ndi zenera lake. Chofiira m'lifupi, choyera m'litali. Zonse zinagwirizana, ngakhale kaja ka m'sokosi: kanali ka zenera la kukhitchini kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito.

Loya wa Madamu anaimirira kufunsa Wailesi, amene tsopano anali ataonda ngati ndodo.

"Bambo, tepi munali nayo. N'chifukwa chiyani munkayeza ndi zingwe, n'kumakaperekera kuseri?"

Wailesi anayang'ana pansi.

"Mboni iyankhe," anatero woweruza.

"Manambala amandivina m'maso, bwana. Kuyambira ndili mwana. Ndikaona sikisi, pofika pakulemba yatembenuka. Ndikaona awiri, amasinthana malo. Kusukulu anandimenya mpaka ndinathawa."

"Ankadziwa zimenezi ndani?"

"Malemu okha. Anazindikira sabata yanga yoyamba pantchito. Sanandifunse, sanauze Bwana. Mawa lake ndinangopeza zingwe patebulo. Iwo sankatha kulankhula ndi anthu, kasitomala akawakalipira ankanjenjemera, ndiye ine ndinkawalankhulira. Iwo ankandiwerengera. Basi, bwana. Panalibe china."

"Nanga bwanji simunawauze akazi anu?"

Kwa nthawi yoyamba Wailesi anayang'ana kumene kunakhala Madamu.

"Amati munthu wosasiyanitsa sikisi ndi naini si munthu. Ine ndinkafuna kukhala munthu m'nyumba mwanga."

Madamu anakumbuka mwamuna wake akuseka kuposa onse, kenako n'kutuluka kukapitidwa mphepo. Anakumbuka mapepala onse amene anamuwerengera akudzimva kukoma.

Woweruza anati khoti lavomereza kuti sanapite kushopuko ndi cholinga chopha, koma munthu wamkulu, wophunzira, amadziwa chimene galasi limachita likasweka m'manja mwa anthu. Anati malemu anafa akuteteza mnzake wa pantchito, atangomaliza kuteteza amene anamupha. Anamulamula kukakhala kundende zaka khumi ndi zinayi.

Shopu ya magalasi inatsekedwa chaka chomwecho. Bwana anayesa odula atatu, onse odziwa ntchito, koma palibe amene anapirira kuyeza zingwe za munthu wamkulu popanda kumuseka. Wailesi anakapeza ntchito yokweza katundu m'malole, kumene safunsa manambala. Amene amamuona amati dzina lija silimuyeneranso.

Ndatopa kuona akazi anzanga, ena ophunzira bwino, akulakwitsa chinthu chimodzi chomwechi. Amaganiza kuti aliyense amene akukwaniritsa chimene chikusowa mwa mwamuna wawo ndiye kuti wawalanda malo. Kuntchito anthu sagwirizana chifukwa chofanana. Wolongolola amafuna wachete, wothamanga amafuna wodekha, ndipo akapezana ntchito imayenda, ana kunyumba amadya. Chimene Chete ankasunga sichinali mtima wa Wailesi. Chinali manyazi ake, amene kunyumba kwake analibe powaika.

Mwana sabwera kundende. Anakana, ndipo bambo ake samukakamiza. Wailesi yekha amabwera kamodzi pachaka, mwezi umene mwanayo anabadwa. Amakhala kuseri kwa waya, manja ali pamaondo, osanena zambiri. Kalata sangalembe, msinkhu wa mwana m'manambala sangautchule. Pochoka amapereka kwa woyang'anira ndende kaulusi koyera kokhala ndi mfundo kumapeto, koonda kwambiri moti woyang'anirayo amangokayang'ana n'kukalowetsa.

Madamu amabwerera nako m'chipinda, n'kuponda nsonga imodzi ndi chala cha kuphazi, n'kukokera inayo m'mwamba. Chaka choyamba mfundo inafika pachifuwa. Chaka chachitatu inafika pachibwano. Chaka chino yamupitirira pamutu, ndipo anaima choncho dzanja lili m'mwamba mpaka mkono unachita dzanzi. Mnzake wa m'chipindamo anamufunsa kuti ulusiwo ukutanthauza chiyani. Madamu, amene kale sankasowa yankho, anatsegula pakamwa n'kutsekanso.